Anaitseka Pakamwa Galimoto Yanu

Amayi anga,

Kodi kumeneko mukudzuka bwanji? Miyendo ija inasiya kutupa? Ndine Dorika, ndikulemba ndili ku Tembisa konkuno, m'kachipinda kathu ka kuseri kaja. Ndikudziwa kuti Loweruka lija munatidikira, ndipo mwina mpaka lero mukudabwa kuti anthu anabwera pamanda panu, anaimba, anapemphera, kenako n'kubalalika osakusiyirani mwala. Ndalemba kuti mumve kwa ine mmene zinayendera, chifukwa achimwene a Lameki akayamba kufotokoza iwo, nkhani imatuluka itavala suti. Ndakwiya, Amayi. Papita masabata atatu koma mtima sunatsikebe, moti cholemberachi ndikuchita kuchikanikiza mpaka pepala likufuna kubooka.

Ndiyambe ndi zabwino, poti inu munkadana ndi munthu wolowa m'nyumba ndi madandaulo asanapereke moni. Mlamu wanga Thandeka, mkazi wa a Lameki, anachira bwinobwino, mwana wamkazi, ndipo anamutcha Elina, dzina lanu. Chipumi ndi chanu, mawu ndi anunso. Akayamba kulira, a m'nyumba yaikulu amatseka mawindo. Nkhwani umene munadzala m'matayala akale kuseri kuja unabereka maungu asanu ndi limodzi matalala asanabwere kudzang'amba masamba onse. Awiri ndinapititsa kwa mayi Phiri, mnzanu wa kumpingo ku Nigel, ndipo anati njere asunga. Magetsi akungothimathima monga kale. Ntchito ikupezeka ndithu. Pakati pa sabata, pikapu yanu ikakhala bwino, ndimasamutsa anthu ndi mabedi awo kuchoka kuseri kwa nyumba ina kupita kuseri kwa inzake, ndipo Loweruka pabwalo sipasowa galimoto yakale yofuna kuionako. Ena amafikabe n'kufunsa kuti makaniko ali kuti, ine ndili chiimire pamaso pawo sipanala ili m'manja.

Tsono nayi nkhani. Mukukumbukira zimene munandiuza kuchipatala, kuti mukadzapita, pikapu yanu ndiyo idzakuperekezeni ku Nigel? Pamaliro zinakanika. A bungwe la maliro anabwera ndi galimoto yawo yakuda, a Lameki anati mayi wawo sangakwere chonyamulira kabichi, ine ndinali nditafooka ndi kulira, ndiye ndinangokhala chete. Koma mumtima ndinalumbira kuti mwala wa pamanda panu sudzakwera galimoto ina. Wosema mwala anati atha kukautula yekha, ine ndinakana. Maziko tinamangiratu kutatsala sabata, kuti tsikulo mwala ungofika pa pikapu yanu anthu akuona, womanga aukhazike, abusa apemphere.

Lachinayi lake ndinatsegula boneti m'mawa injini ili yozizira, monga munkachitira inu, chifukwa ndinkafuna ikafike kwa inu ikulira bwino. Nthawi zonse ndikamasula zivundikiro ziwiri za pamwamba pa injini ndimakumbukira komboni ya kumgodi ku Zimbabwe kuja, Atate atasiya kuona chifukwa cha shuga. Anthu ankabweretsabe magalimoto pakhomo poti khutu la Atate silinafe. Iwo ankakhala pampando, sikuludiraivala yaitali itagunda injini, chigwiriro chili kukhutu, inu mutagwira sipanala. "Bweza pang'ono, Elina," iwo akutero, inu mukubweza. Azibambo a pakomboni ankaseka kuti a Banda anakwatira makaniko, koma akafuna kuyenda ulendo wautali ankabwera kwa inu nomwe. Atate atamwalira, ife n'kubwera kuno ku Joni, pikapu iyi munaisankha kwa mlimi wa ku Nigel uja osayang'ana n'komwe penti. Munangomva kuti ndi V6 yofanana ndi zija za kumgodi, basi munati iyi ndimaidziwa, sitidzagona nayo panjira.

Ndinachita zonse mwa dongosolo lanu. Masilinda atatu mbali iyi, atatu mbali inayo, pamwamba pake maroka khumi ndi awiri, tizitsulo tija timagwedera uku ndi uku tikukankha mavavu kuti atseguke. Ndinazungulitsa injini ndi sipanala pa pule, kagudumu ka lamba kakutsogolo kaja, maso ali pa silinda yachisanu. Mawu anu ndimawamvabe: "Wachisanu akamavina, woyamba wapuma, mugwire pomwepo." Maroka awiri a yachisanu atayamba kusinthana, wina akukwera wina akutsika, ndinalowetsa kampeni koyezera mpata pakati pa roka ndi mutu wa vavu pa silinda yoyamba. Fila geji ndi yomwe ija ya Atate. Timipeni tiwiri timene munkatigwiritsa ntchito tinachita kuwala ndi kutha, kopyapyala ka vavu yolowetsa mafuta, konenepako ka vavu yotulutsa utsi poti imeneyo ndiyo imakhalira moto. Nati ya pamwamba pa roka ndinkaipotoza pang'onopang'ono mpaka kampeni kazikoka mofewa, ngati mwana wogwira chitenje chako koma wokulola kuti upite. Kenako wachitatu avine ndigwire wachinayi, wachisanu ndi chimodzi avine ndigwire wachiwiri, mpaka onse anatha, ndipo ndinabwerezanso kachiwiri. Nditailiza inkangoti tche-tche-tche ngati makina osokera, mbali zonse ziwiri mofanana.

Kaphokoso kameneko munkati ndi mpata ukulankhula. Munandiuza ndili wamng'ono, ndipo ndakhala ndikuuza aliyense wobwera pabwalo pano, kuti chitsulo chikatentha chimatalika, ndiye ukachimana malo chili chozizira, chikadzatentha vavu siitsekanso bwino, imangokhala yoyasama moto ukuinyambita. "Vavu imazizira ikakhala pansi," munkatero. "Iweyo utaima pamoto tsiku lonse osakhala pansi sungapse?" A Lameki mawu amenewa anakula akuwamva ngati ine ndemwe, kungoti boneti ikatseguka iwo ankakumbukira kuti ali ndi mpira kubwalo.

Lachisanu ndinakwera takisi kupita ku Nigel kukathandiza amayi a mpingo kulambula pamanda ndi kukonza za alendo, ndipo ndinagona kwa mayi Phiri. Makiyi ndinasiyira a Lameki. Iwo anali ataumirira kuti monga mwana woyamba, wamwamunanso, ndiwo ayenera kufika ndi mwala. Sindinalimbane nawo. Ndinati nawonso achitepo kanthu pa mayi wawo, ndipo kuntchito kwawo kwaulonda ku Kempton Park anali atapempha kale masiku awiri. Anati aitsuka, aipaka polishi, ndipo anzawo akawathandiza kukweza mwala kwa wosema. Ndinawauza chinthu chimodzi chokha, kuti madzi ndi oyilo ndaona kale, boneti musatsegule.

"Eish, Dorika, ukundiyesa mwana?" Anandiyankha choncho, akundiyang'ana ngati ndawatukwana.

Loweruka anthu anafika msanga. Amayi a mpingo mu yunifolomu zawo, achibale a Thandeka, machona akale aja munkagwira nawo ntchito pafamu, ena akuyendera ndodo. Ngakhale a Mwale anachoka ku komboni ya Ramaphosa ndi mwendo wawo woipa uja. Womanga anakanda simenti. Ine ndinkangotchera khutu kumsewu, poti galimoto yanu ndimaizindikira isanaoneke. Naini koloko inakwana, teni inakwana. Amayi a mpingo anaimba nyimbo zonse zimene anakonzekera n'kuyambiranso. Abusa anapemphera pemphero lalitali ngati loti mwina akatsegula maso apeza zinthu zitafika. Simenti inayamba kuuma m'wilibala. Mayi wina wa kwawo kwa Thandeka ananong'oneza mnzake m'Chizulu, akuyesa sindikumva, kuti ukadalira sikorokoro, ndiye kuti chiphapha, mapeto ake ndi amenewa. Ndinafuna kumuyankha, koma ndinakumbukira kuti ndaima pamutu panu.

Foni inalira cha m'ma leveni. Anali a Lameki.

"Dorika, chiphapha chako chatifera. Tadutsa Springs, tili pafupi ndi milu ya mchenga wa mgodi. Ndinanena ine kuti tipeze galimoto yeniyeni."

Onani, Amayi, ikamayenda ndi galimoto ya Amayi, ikafa ndi chiphapha cha Dorika. Ndinafunsa mmene zinayambira. Anati pochoka ku Tembisa inali bwinobwino, itayenda inayamba kufooka, kenako kuphulika kuekizozi ngati mfuti, kenako zii. Ndinawauza kuti aike foni pafupi ndi injini ayese kuiliza. Sitata inkazungulira mopepuka, modumphadumpha, ngati m'kati mulibe kanthu. Injini yomweyo Lachinayi inkandipweteka phewa poizungulitsa chifukwa cha kulimba kwake.

"Achimwene, munatsegula boneti?"

Anati netiweki ikuvuta.

Womanga uja ananditengera pa galimoto yake. Tinapeza pikapu ili m'mbali mwa msewu ikunyezimira polishi, mwala wanu uli kumbuyo utakulungidwa m'bulangete, a Lameki mu suti ataima patali akuyang'ana mitambo. Ndinatenga zida kuseri kwa mpando, ndinamasula chivundikiro chimodzi, ndinagwira roka kuti ndiigwedeze. Gwa! Ina, gwa! Ndinadikira kuti injini izizireko, ndinaizungulitsa, ndinayesa kampeni kopyapyala kuposa tonse, kaja kamapindika ndi mpweya wa m'kamwa. Sikanalowe pa vavu ngakhale imodzi. Maroka onse khumi ndi awiri anali atamangidwa opanda mpata.

Ndinawafunsa kamodzi kokha, ndipo chifukwa womanga anali pomwepo akumva, anaulula. Akuti ataitsuka Lachisanu anaona kuti ikusokosa, ndiye anafufuza pafoni. Anapeza kanema wa mzungu wina wa kutsidya kwa nyanja akukonza V8 yake. Mzunguyo ankati uzimanga nati uku ukupotokola ndi zala kandodo kokankha roka, kakangoyamba kulimba uwonjezere theka la kuzungulira. A Lameki anatenga sipanala zanu, Amayi, zanu zomwezo, n'kuchita zimenezo pa mavavu onse. Galimoto inakana kulira. M'malo moti achite mantha andiimbire, anayamba kubweza pang'onopang'ono mpaka inalira, ndipo itangolira mwakachetechete anatseka zivundikiro n'kukasamba, akudziona ngati katswiri.

Ndinawauza pamsewu pomwepo, malole akudutsa, kuti injini ya mzunguyo ili ndi matapeti odzaza oyilo pansi pa tindodo tija, amene amadzipezera okha mpata, ndiye kumanga kotero n'koyenera kumeneko. Yanuyi matapeti ake ndi chitsulo chokhachokha, mpata umaupereka ndiwe ndi dzanja lako, ukapanda kuupereka palibe aupereke. Mukudziwa anandiyankha chiyani? "V ndi V basi, sisi, kusiyana kwake ndi masilinda awiri." Ndikanakhala kuti sindinavale bulauzi ya mpingo, ndikanalankhula mawu oti abusa andiimitse Mgonero chaka chathunthu.

Ndinabweza manati pomwepo n'kuyeza mwachangu, bulauzi yoyera ili oyilo yekhayekha. Inalira, koma inkatsimphina. Masilinda awiri anali atafa, ndipo kuekizozi kunkamveka kufwenthera kwa vavu yopsa. Kuikakamiza ndi katundu wolemera chonchija kukanangoononga mitu ya injini. Apa ndiye pamene mwina mundidzudzule, ndipo ndinena ndekha ena asanakuuzeni. Womanga anati tiusamutsire mwala pa galimoto yake, Nigel sikutalinso, anthu akadalipo. A Lameki anavomera msanga, anayamba kale kuvula jekete. Ine ndinakwera kumbuyo n'kukhala pambali pa mwala, ndinati suchoka pano. Anandinyengerera, anandikalipira, ine osasuntha. Kamodzi ndinalola kale kuti akukwezeni galimoto yachilendo ine ndili chete, kachiwiri ayi. Ndinaimbira mayi Phiri kuti apepese anthu, adye, azipita. Tinabwerera ku Tembisa pa chingwe, womanga akutikoka, ine pa chiwongolero, a Lameki pambali panga.

Manyazi ake musanene. Mlungu wonse foni inkangolira, ena kupepesa, ena kufuna kumva bwino kuti akafotokozere anzawo. A Mwale anandiuza kuti mwendo unawapweteka masiku atatu chifukwa cha ulendo wopanda pake. Ndipo nkhani imene inayenda pakati pa achibale inali yoti galimoto yakalamba ndipo Dorika ndi wamakani. Zoti wina anaigwira ndi manja osadziwa, palibe ankazitchula. Mwala unakhala pa pikapu pabwalo pano, m'bulangete momwemo, ine m'mawa uliwonse ndikutuluka kukaupukuta mame.

Koma chimene chinandipsetsa mtima koposa chinachitika Lachitatu lotsatira. Ndikuchapa, ndinangoona a Lameki akulowa pageti ndi bambo wina wa dzino lagolide, mmodzi wa aja amazunguza magalimoto pabwalo mpaka matayala kuphulika anthu akukuwa. Bamboyo anazungulira pikapu, anamenya tayala ndi phazi, anasuzumira pansi. Akuti thupi lake alibe nalo ntchito, lipita kosweratu zitsulo, iye akufuna injini yokha. "Sisi, injini iyi ndi yovinitsa, si yonyamulira kabichi," anatero akumwetulira. A Lameki anati akambirana kale ndi achibale, galimoto yatha, igulitsidwe, mwala ukwere ya wosema, nkhani ithe.

Amayi, munthu waononga yekha chinthu, ndiye akufuna achigulitse msanga kuti umboni uchoke pakhomo! Mwala wa mayi wake uli pomwepo kumbuyo, iye akutsatsa galimoto ngati mbuzi. Ndinapukuta manja, ndinatsegula boneti kuti bamboyo aone. Pamwamba pa injini panali mbee, popanda roka ngakhale imodzi. Ndinali nditazichotsa kale dzulo lake, maroka ndi tindodo take, n'kuzisomeka pa katoni yobooledwa mabowo khumi ndi awiri, chilichonse pa nambala yake, monga munandiphunzitsira kuti chitsulo chilichonse chizibwerera pamene chinazolowera. Katoniyo inali pansi pa bedi langa, mapepala a galimoto ali m'Baibulo lanu. Ndinauza bamboyo kuti galimotoyi mwini wake alipo, akugona ku Nigel, akafunse kumeneko. Anachoka akuseka, koma a Lameki sanaseke.

Tsiku lomwelo ndinamasula mitu yonse iwiri. Mavavu awiri otulutsa utsi anali atadyeka m'mphepete, imodzi inali ndi mpata woti udzu n'kulowa. Ndinakhala nawo m'manja ndikulira ndi ukali, chifukwa mavavu amenewo munawakhazika ndinu chaka chija tinasamukira kuno, ndipo sanadandaulepo. Mwamwayi mipando yake m'mitumo sinang'ambike. Ndinayenda malo atatu ogulitsa zitsulo za magalimoto akufa, mpaka ku Boksburg n'kumene ndinapeza mutu wa V6 uli m'udzu, mavavu ake ali bwino. Mdala wa pamenepo anandifunsa kuti bambo wake wa galimotoyo bwanji sanabwere okha. Ndinamuuza kuti bambo wake ndi amene anaiononga.

Masiku awiri ndinakhala pa kabenchi kanu kaja ndikukhuluza mavavu, onse khumi ndi awiri poti mitu inali kale pansi. Kuphaka phala lokhuluzira m'mphepete, kukhazika vavu pampando wake, kupukusa kandodo m'manja ngati ukupukusa chipere, kunyamula, kutembenuza, kupukusanso, mpaka mzere wotuwa uzungulire wonse osaduka. Ndinathira palafini m'mabowo kuti ndione ngati akudontha, sanadonthe. Manja anatuluka matuza. Ndinaika magasiketi atsopano, ndinamanga mitu kuyambira pakati kupita kunja, ndinabwezera tindodo ndi maroka pa nambala zake. Kunatsala kupereka mpata basi. Ntchito imeneyo ndimaitha ndekha, mukudziwa, koma ndinatuma uthenga kudzera kwa Thandeka kuti amene anamanga abwere adzazungulitse injini ndi dzanja lake, apo ayi pa tsiku la mwala asadzakhale pafupi ndi ine.

A Lameki anabwera dzulo, Lamulungu masana, atachoka kutchalitchi, Thandeka ali pambuyo ndi mwana kumsana. Sindinawapatse mpando. Ndinawapatsa ovolosi ndi sipanala yaikulu, n'kuwaloza pule.

"Zungulitsani. Muziyang'ana wachisanu. Akayamba kuvina munene."

"Kuvina kwake ndi kotani?"

"Zaka zonse zija Amayi ankalankhula, inu munali kuti? Yang'anani maroka awiriwo. Wina akamakwera wina akutsika, imani."

Anazungulitsa, anapitirira, ndinawabwezetsa. Anapitiriranso, ndinawabwezetsanso. Thukuta linayamba kutsika, tayi anavula. Pofika silinda yachitatu anali atagwira, akunena okha kuti wavina ine ndisanafunse. Pa vavu yomaliza ndinawapatsa fila geji ya Atate kuti amve okha. Analowetsa kampeni, anakakoka, anakabwezanso, anakakokanso. Anati, "Kampata kakang'ono chonchi ndi kamene kanatigoneka pamsewu?" Ndinati eya, kameneko, kamene Amayi anakasunga zaka zonsezi inu n'kukachotsa tsiku limodzi.

Ndinatseka zivundikiro, ndinalowa, ndinapotoza kiyi. Inagwira nditapotoza kachiwiri. Masilinda onse asanu ndi imodzi, Amayi, mbali zonse mofanana, tche-tche-tche, mmene munkaifunira. Ndinatuluka kuti ndiwayang'ane m'maso ndiwauze mawu amene ndinawasungira masabata atatu, koma pamene anaima panalibe munthu. Ndinawapeza kuseri, atakhala pa tayala la nkhwani wanu, nkhope ili m'manja opaka oyilo. Bambo wamkulu, wa mwana, mapewa akugwedezeka.

"Lachisanu lija nditaitsuka ndinailiza," anatero osadzutsa mutu. "Dorika, itangoyamba kulira ndinacheukira kugeti. Moyo wanga wonse phokoso limeneli likamveka ndiye kuti Amayi afika, tithamange tikatsitse matumba. Ndinaona kuti sindingathe kuyendetsa kuchoka pano mpaka ku Nigel ikulira chonchi, dzina lawo lili pamwala kumbuyo kwanga. Ndinkangofuna ikhale chete tsiku limodzi lokha."

Ndinawafunsa kuti bwanji osangotsegula wailesi ngati anthu ena onse. Anati wailesi yake inafa kalekale, ndipo n'zoona, inafa muli moyo inu n'kukana kuikonzetsa poti imakusokonezani kumva injini. Tinaseka pang'ono, misozi ili m'maso, Thandeka akutiyang'ana ngati tapenga. Za bambo wa dzino lagolide uja anati ankalephera kuiona pikapu ili pabwalo itafa, akudziwa kuti anaipha ndi iwo.

Musaganize kuti ndawakhululukira zonse. Ayi. Pakamwa anali napo, foni anali nayo, yomweyo anaonerapo mzungu uja. Akanangondiuza kuti mlongo wanga, mtima wanga sungapirire, yendetsa iwe, kodi ndikanawaseka? Koma mwamuna wa kwa Banda kunena kuti ndikuopa kulira pamaso pa anthu, bola aononge injini, achititse manyazi banja lonse, a Mwale ayende ulendo wachabe, mlandu n'kuugwetsera pa ine ndi pa galimoto yosalakwa. Ndinawauza zonsezi atapukuta m'maso, ndipo ndinawauzanso kuti achibale onse amene anamva zoti galimoto yakalamba awaimbire okha mmodzimmodzi awauze zoona. Ayamba kale, a Mwale andiimbira m'mawa uno. Mavavu awiri opsa aja ndinawakulungira m'pepala kuti akaike pawindo kwawo, Elina akadzakula adzafunse kuti n'chiyani. Ameneyo ndidzamuphunzitsa ndekha, bambo wake afune asafune.

Mupereke moni kwa Atate, muwauze kuti timipeni tawo tikugwirabe ntchito ndipo ndimatipaka oyilo ndikamaliza. Abusa avomera Loweruka likudzali, womanga akanda simenti ina, mayi Phiri akuti ulendo uno nyimbo akonza zochepa. Ndiyendetsa ndine. A Lameki akhala pambali panga windo lili lotsegula, ndawagulira mpango waukulu, alire kuchoka ku Tembisa mpaka ku Nigel ngati akufuna, koma sipanala sagwira. Tidutsa pa milu ya mchenga ija osaima.

Ndiye Loweruka m'mawa mutchere khutu, Amayi. Magalimoto ambiri alowa pageti la manda, a abusa, a achibale, onse oyenda mwakachetechete. Mukawamva amenewo musavutike, si ife. Ife mutimva tikadali kumsewu waukulu, ndipo mudziwa nokha kuti mpata ndapereka bwino.

Ndimakukondani, ndipo ulendo uno mwala ufika.

Ndine mwana wanu,
Dorika